Chibayo pa ana odwala khansa ya Burkitt: zimene mbiri yaphunzitsa a zaumoyo a kunyanja

Mu 1958 dokotala wa maopaleshoni Denis Burkitt, akugwira ntchito pachipatala cha Mulago ku Kampala, adalemba za chotupa chomwe chinkakula mofulumira m'nsagwada za ana. Mu 1961 iye ndi anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, adayenda ulendo wautali pagalimoto kuzungulira zipatala za kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Nyasaland. Adapeza kuti nthendayi imachuluka m'madera otsika, otentha ndi a chinyontho, pomwe m'mapiri ozizira imasowa. Boma la Mangochi, lomwe nthawiyo linkatchedwa Fort Johnston, lili m'dera lotere. Pambuyo pake kudadziwika kuti khansayi, yomwe ili m'gulu la khansa za m'magazi, imayenderana ndi malungo obwerezabwereza komanso kachilombo ka Epstein-Barr, komwe kadapezeka mu 1964.

Chotupa cha Burkitt chimaphwa msanga ndi mankhwala a khansa monga cyclophosphamide. Vuto lake nlakuti mankhwala omwewo amapha maselo oyera a m'magazi, omwe ambiri amawatcha asilikali a m'thupi. Mu 1966 Gerald Bodey wa ku America adaonetsa kuti maselowa akachepa kwambiri mwa odwala khansa ya m'magazi, matenda oopsa a mabakiteriya amachuluka, ndipo chibayo chili m'gulu la matenda amene amapha. Mu 1971 Stephen Schimpff ndi anzake adaonetsa ubwino wopereka maantibayotiki amphamvu wodwala wotere akangotentha thupi, osadikira zotsatira za ku labotale. Lamuloli likugwirabe ntchito mpaka lero.

Kuno ku Malawi phunziroli lidabwera movutirapo. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake adaona kuti mankhwala amphamvu ofanana ndi a ku Ulaya amachititsa kuti ana ena amwalire ndi zotsatira za chithandizocho, chotupa chikuphwa kale. Choncho adakonza ndondomeko zopepukirako, zogwirizana ndi zipatala zathu. Kafukufuku wa Trijn Israels pachipatala chomwechi adasonyezanso kuti ana onyentchera ndiwo amatsika kwambiri maselo oyera akalandira mankhwala.

Katemera wathandiza mbali ina. Katemera wa Hib adalowa m'ndondomeko ya ana mu 2002, ndipo wa chibayo wa PCV13 adayamba mu Novembala 2011. Koma tizilombo tina tayamba kupima mphamvu mankhwala. Kafukufuku wa magazi a odwala ku Queen Elizabeth adapeza kuti mabakiteriya a Klebsiella osamva mankhwala a gulu la ceftriaxone adakwera kuchoka pa 12 kufika pa 90 mwa 100 aliwonse pakati pa 2003 ndi 2016. Izi zikutanthauza kuti wodwala akachedwa, mwayi woti asinthidwe mankhwala n'kuchira umachepa.

Apa mpamene wa zaumoyo wa kunyanja amafunikira. Maselo oyera amatsika kwambiri pakatha masiku 7 mpaka 14 chilandirireni mankhwala, nthawi imene mwana angakhale atabwerera kwawo ku Makanjira, Namwera kapena Monkey Bay, kutali ndi Blantyre. Chibayo cha mwana wotere chimabisala: akhoza kusatsokomola kwambiri, makhololo osaoneka, ngakhale chithunzi cha m'chifuwa n'kuoneka bwino poyamba. Nthawi zina chizindikiro chimakhala kutentha thupi kokha, kufika madigiri 38.

M'dera la malungo ngati Mangochi, nkosavuta kuyeza magazi, kupeza malungo, kupereka LA n'kubweza mwana kunyumba. Komatu malungo ndi chibayo zimatha kugwira mwana mmodzi nthawi imodzi. Mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka akaona m'buku la kuchipatala kuti mwana ali pa mankhwala a khansa, kutentha thupi, kupuma mofulumira kapena kulowa kwa nthiti nkokwanira kumutumiza kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ndi kalata yotchula tsiku limene adalandira mankhwala komaliza. Malangizo a m'mayiko ambiri amati antibayotiki wobaya aperekedwe pasanathe ola limodzi mwanayo atafika pachipatala. Makolo nawo ayenera kuuzidwa zimenezi mwana asanadwale, kuti ndalama ya thiransipoti ikhale pafupi.