Lamulo la 1930, phungu wa ku Chiradzulu ndi loya amene anasankha khoti

Mukayambitsa nkhani yochotsa pakati pamsika wa Mbulumbuzi kapena Namitambo ku Chiradzulu, mumva zinthu zitatu. Ena akuuzani kuti lamulo la dziko lino limaletsa kotheratu. Ena ati ofuna kulisintha akubweretsa zachilendo za azungu. Enanso ati nkhaniyi inafera ku Nyumba ya Malamulo mu 2021, pamene phungu wa kwawo komweko analephera kuilowetsa m'zokambirana. Mbiri ya lamuloli ikutsutsa zonse zitatu.

Makolo athu nkhani za mimba ankazisiya kuseri, m'manja mwa azamba ndi anankungwi. Chimene chinazitengera kupolisi ndi kukhoti ndi buku la malamulo a milandu la Nyasaland, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1930. Atsamunda anatengera maganizo ake ku lamulo la ku England la 1861. Gawo 149 limapereka zaka 14 kwa wochotsa pakati pa mayi, gawo 150 zaka 7 kwa mayi mwiniwake, ndipo gawo 151 zaka 3 kwa wopereka mankhwala kapena zida. Choncho chimene chinatsika m'sitima kuchokera kunja ndi chiletsocho.

Komatu m'buku lomwelo muli gawo 243, lomwe anthu ambiri sanalimvepo. Limateteza munthu amene wachita opaleshoni mosamala ndi mwa cholinga chabwino pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Funso lokhalo linali lakuti kupulumutsa moyo kumayambira pati. Ku London linayankhidwa mu 1938, dokotala Aleck Bourne atachotsa pakati pa mtsikana wa zaka 14 yemwe anagwiriridwa ndi asilikali. Khoti linamumasula, litamva kuti kusiya mwana kuti asweke thupi ndi maganizo nakonso n'kuika moyo wake pachiswe.

Dziko la Britain linasintha lamulo lake mu 1967, Zambia mu 1972, South Africa mu 1996, ndipo Mozambique mu 2014. Kuno lamulo linangokhala momwe atsamunda analisiyira. Ndipotu ngakhale za kulera sizinkaloledwa m'zipatala mpaka 1982, ndiye za gawo 243 akanazitchula ndani? Apa ndi pamene zinthu zinasokonekera. Khomo linalipo, koma chete ndi mantha zinalitseka, ndipo mibadwo ya anamwino ndi madokotala inakula ikudziwa chilango chokha.

Mapepala anayamba kusintha ulamuliro wa zipani zambiri utabwera. Mu 2005 Malawi anavomereza pangano la Maputo la ufulu wa amayi a mu Africa, lomwe limalola kuchotsa pakati ngati mayi wagwiriridwa, wapatsidwa mimba ndi wachibale, kapena thanzi lake lili pangozi. Mu 2013 aphungu anakhazikitsa lamulo la Gender Equality Act, lomwe gawo 19 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha uchembere ndi ubereki. Chaka chomwecho komiti yapadera younika malamulo, yotsogozedwa ndi woweruza Esme Chombo, inayamba ntchito. M'komitiyo munali mafumu, azipembedzo, azaumoyo ndi odziwa malamulo. Mu 2015 inatulutsa bilu imene siinkalola kuchotsa pakati mwachisawawa, koma pa zifukwa zowerengeka: moyo kapena thanzi la mayi, chilema chachikulu cha mwana wosabadwayo, kugwiriridwa, ndi mimba ya pachibale.

Manambala nawonso anayamba kuyankhula. Kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la Guttmacher Institute anapeza kuti mu 2015 mokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno, ndipo amayi 6 mwa 10 alionse anakumana ndi zovuta zofuna chipatala. Ogwira ntchito m'mawodi a amayi amadziwa zimene zili kuseri kwa manambalawa: mtsikana wobwera pa kabaza usiku, chitenje chitanyowa magazi, thupi likutentha, m'chiberekero muli kachidutswa ka phesi la chinangwa. Akafunsidwa amati wapita padera. Chipatala chimam'tsuka ndi kum'patsa mankhwala, chifukwa chithandizo cha pambuyo pake n'chololedwa. Ena amachira, ena amachotsedwa chiberekero, ena sabwerera kwawo.

Otsutsa biluyi sanakhale chete, ndipo ali ndi chikhulupiriro chimene amachigwira ndi mtima wonse, chakuti moyo umayamba mayi akangoima. Mu Disembala 2016 mipingo inatsogolera anthu zikwizikwi kuyenda m'misewu pokana biluyo. M'boma ngati Chiradzulu, momwe muli mishoni ya Katolika ku Nguludi, PIM ku Mbombwe ndi mizikiti m'midzi yambiri, mawu a abusa, ansembe ndi mashehe amalemera kwambiri. N'chifukwa chake zinali zachilendo kuona Matthews Ngwale, phungu wa kumadzulo kwa Chiradzulu yemwe ankatsogolera komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo, akuisenza biluyo pamutu pake. Mu Malichi 2021 anapempha chilolezo choibweretsa ngati bilu ya phungu payekha. Pempholo linakanidwa, ndipo zimene zili m'katimo sizinakambidwe n'komwe.

Pamene ambiri ankayang'ana ku Lilongwe, loya wina anali atayang'ana ku khoti. Dr. Godfrey Kangaude, yemwe anatenga digiri ya udokotala wa malamulo ku University of Pretoria, wakhala zaka zambiri akulemba za mmene malamulo amakhudzira achinyamata pa nkhani za ubereki. Amatsogolera bungwe la Nyale Institute. Mfundo imene iye ndi anzake anaimirirapo n'njosavuta kumva: m'malo modikira lamulo latsopano, khoti litanthauzire limene lilipo kale.

Mlandu woyamba unagamulidwa mu 2021. Unali wa mtsikana wa zaka 15 yemwe khoti linabisa dzina lake. Pempho lake silinadutse, chifukwa khoti linaona kuti sanapemphe mwachindunji kuti achotsedwe pakati n'kukanizidwa. Koma woweruza anavomereza kuti kupulumutsa moyo kumakhudza thanzi la thupi ndi la maganizo lomwe. Kwa munthu wamba mlanduwo unaluza. Kwa loya unasiya phunziro lakuti mlandu wotsatira uyenera kukhala ndi umboni woonekeratu wa pempho ndi kukanidwa kwake.

Umboniwo unapezeka m'boma la Blantyre, loyandikana ndi Chiradzulu. Mtsikana wina wamng'ono anagwiriridwa n'kutenga pakati. Abale ake anapita naye pa chipatala china chaching'ono n'kupempha thandizo, koma wogwira ntchito pamenepo anakana poopa kuti aphwanya lamulo. Banjalo silinapite kwa sing'anga kapena kwa wogulitsa mapiritsi mobisa. Linapita kwa katswiri wa matenda a amayi pa chipatala chachikulu, yemwe atamupima anaona kuti mimbayo ikuika thanzi lake pangozi, ndipo anathandizidwa bwinobwino. Mwana mmodzi, lamulo limodzi, mayankho awiri osiyana. Mothandizidwa ndi Nyale Institute, mtsikanayo, ali ndi zaka 14, anakasuma.

Pa 28 Okutobala 2025, woweruza Michael Tembo wa bwalo lalikulu la milandu anagamula kuti kukanizidwa kuja kunaphwanya ufulu wa mwanayo pansi pa Gender Equality Act. Anati mwana amene watenga pakati chifukwa chogwiriridwa ali ndi ufulu wopempha ndi kulandira chithandizo chochotsa pakatipo mosaika moyo pachiswe, komanso kuti wazaumoyo ali ndi udindo womufotokozera zoona kuti asankhe akudziwa. Khoti linalamulanso kuti ndondomeko zimene azaumoyo amatsata ziunikidwenso pasanathe masiku 180. Panali patapita zaka 87 chichitikireni mlandu wa Bourne, ndipo onse awiri anali okhudza mwana wa zaka 14.

Chigamulochi sichinafufute magawo 149, 150 ndi 151. Mayi wamkulu amene zamuthina pa zifukwa zina akadali pomwe anali, ndipo mkangano wa biluyo sunathe. Chimene chasintha n'chakuti mwana wogwiriridwa tsopano ali ndi poimira.

Ntchito yotsala ili kutali ndi khoti. Chigamulo cholembedwa m'Chingerezi ku Blantyre sichithandiza mwana wa kwa Kadewere, kwa Likoswe kapena kwa Nkalo ngati namwino wa pa chipatala cha kwawo sanachimve, ngati wapolisi wolandira madandaulo a ana sadziwa kotumiza banjalo, ndiponso ngati makolo akuganizabe kuti kupempha kokhako n'kupalamula. Afunika kuchimva m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe, pa wailesi, pa sikelo ndi pa bwalo la mfumu. Tingasiyane maganizo pa za biluyo, koma mwana wa sitandade 7 amene wagwiriridwa asabwezedwenso pakhomo la chipatala chifukwa choti akuluakulu sitinawerenge lamulo lathu lomwe.