Galimoto ikamadontha kapena kutentha: pezani pamene pali vuto

Injini ya galimoto imadalira zinthu ziwiri kuti isapse: oyilo ndi madzi. Oyilo amathandiza kuti zitsulo zisakhulane. Madzi amacotsa kutentha. Cimodzi cikatha, injini imatha kufa pa mphindi zocepa cabe, ndipo kuikonza kumadya ndalama zambiri kuposa kugula paipi imodzi. Ubwino wake ngwakuti vuto limayamba laonekera kaye. Kaya galimoto ndi yanu, kaya mumayendetsa chapa ya abwana, mungathe kuliona nokha musanapite kwa makaniko.

Yambani ndi katoni

Madzulo, imikani galimoto pamalo osatsetsereka. Yalani katoni pansi pa injini. Mmawa muone madontho amene agwerapo, muwakhudze ndi cala.

Akuda kapena oderako, oterera m'zala: ameneyo ndi oyilo wa injini.

Obiriwira, apinki kapena ooneka dzimbiri, amadzimadzi: amenewo ndi madzi oziziritsa injini.

Ofiira koma oterera ngati mafuta: kawirikawiri amakhala a giya ya otomatiki kapena a ciwongolero.

Madzi oyera opanda fungo, ngati munayatsa makina oziziritsa m'kati mwa galimoto: palibe vuto, osadandaula.

Ngati ndi oyilo

Pamene pagwera dontho si pamene pali bowo nthawi zonse ayi. Oyilo amatsetsereka pansi, ndipo galimoto ikamathamanga mphepo imamukankhira kumbuyo. Ndiye pukutani injini ndi nsanza, ilizeni mphindi 10, muizime, kenaka mufufuze malo onyowa amene ali pamwamba kuposa onse. Pomwepo ndi pamene akutulukira. Malo amene amakonda kudontha ndi awa: gasiketi ya civundikiro ca pamwamba pa injini, fyuluta ya oyilo yosamangika bwino, bawuti yotulutsira oyilo, ndi sampu ya pansi ikagunda mwala.

Yezaninso oyilo amene watsala. Injini itazima kwa mphindi 10, solani kawaya koyezera, kapukuteni, kalowetseni mpaka kumapeto, mukasolenso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri, MIN ndi MAX. Musadzaze kupitirira MAX.

Nanga oyilo akamacepa koma pansi pali pouma? Yang'anani utsi kumbuyo. Ukakhala wobiriwira ngati mtambo, ndiye kuti injini ikuwotca oyilo m'kati. Ndipo nyale yofiira ya oyilo ikayaka muli pa ulendo, imani pomwepo, zimani injini. Musanene kuti ndikaimira kutsogoloko.

Ngati ndi madzi

Injini zambiri zimayenda bwino pa madigiri pafupifupi 90. Madzi amazungulira mu injini, n'kupita ku rediyeta, imene ambiri amati radiador, kumene mphepo imawaziziritsa. Ku Tete, mu Okutobala ndi Novembala, kunja kokha kumafika madigiri 40. Galimoto yodzaza katundu ikamakwera mapiri kucoka ku Moatize kupita ku Zóbuè, kavuto kakang'ono kamakula msanga. Diso lanu lizipita pa muvi wa kutentha.

Muvi ukafika pofiira, patukani, zimani injini. Tamverani apa: musatsegule cotsekera ca rediyeta injini ili yotentha. M'katimo madzi amakhala opanikizika, otentha kuposa owira pamoto. Mukatsegula amatumphukira kumaso ndi m'manja. Dikirani mphindi zosacepera 30. Musathirenso madzi ozizira mu injini yotentha, citsulo cimatha kung'aluka.

Ikazizira, fufuzani. Finyani mapaipi a labala, muone ngati ang'ambika kapena atupa. Onani pamene amangidwa ngati pali zoyera kapena dzimbiri. Onani lamba ngati waduka kapena wakhwepa, ndi pampu ya madzi ngati ikudontha. Onaninso kumaso kwa rediyeta: fumbi, udzu ndi matope zimatseka mphepo.

Nthawi imene galimoto imatentha imakuuzaninso kanthu. Ikamatentha mutaima koma n'kuzizira mukamathamanga, kaikirani fani. Ikamatentha pokwera phiri kapena pa liwiro, mwina rediyeta yatsekeka m'kati. Madzi a mumtsinje ndi a pacitsime amasiya dothi ndi dzimbiri m'timapaipi take. Thirani madzi oziziritsa ogula, koma muziwasunga patali ndi ana ndi ziweto, cifukwa amatsekemera koma ndi poizoni.

Oyilo ndi madzi zikasakanikirana

Izi ziwiri siziyenera kukumana. Mukaona oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, utsi woyera wambiri wosaleka ngakhale injini yatentha, kapena madzi akucepa tsiku ndi tsiku popanda dontho pansi, mwina gasiketi ya mutu wa injini yapsa. Imeneyi si nchito ya panjira. Musaiyendetse, itanani makaniko.

Pokamba naye, muuzeni zimene mwaona: mtundu wa dontho, malo amene linagwera, mtundu wa utsi, ndi nthawi imene muvi umakwera. Mukatero sadzamasula zinthu zimene zili bwinobwino, ndipo inu simudzalipira zosafunika. Kamodzi pa sabata, komanso musananyamuke ulendo wautali, tsegulani boneti injini ili yozizira, muone oyilo ndi madzi. Ndi nchito ya mphindi 5 basi.