Kung'amba Thanthwe: Mbiri ya Gasi wa Shale ku America

Pa 10 Disembala 1967, akatswiri a boma la America anatsitsira bomba la nyukiliya m'dzenje lakuya mamita pafupifupi 1,300 kumpoto kwa New Mexico n'kuliphulitsa. Sankayesa zida zankhondo ayi, ankafuna gasi. Bombalo, lomwe mphamvu zake zinali pafupifupi kuwirikiza kawiri la ku Hiroshima, linaswadi miyala, ndipo gasi anatuluka wochulukirapo. Tsoka lake, anatuluka ali ndi poizoni wa nyukiliya, woti sangagulitsidwe kwa munthu wophikira ana ake. Ntchito imeneyi, yotchedwa Project Gasbuggy, anaibwerezanso ku Colorado mu 1969 ndi mu 1973, kenako anaisiya.

Boma silingafike poganiza zotere ngati vuto lake lili laling'ono. Pansi pa America pali miyala yambiri yodzaza ndi gasi koma yokana kumutulutsa, ndipo wouma mtima kuposa yonse ndi mwala wa shale. Mwala umenewu ndi matope amene anadikha pansi pa nyanja zakalekale, osakanikirana ndi zotsalira za tizamoyo tam'madzi. Kulemera kwa nthaka ndi kutentha kwa pansi zinasandutsa matopewo thanthwe, ndipo zotsalira zija zinasanduka mafuta ndi gasi. Gasi wina amathawa n'kukaunjikana m'miyala yamchenga yokhala ndi timipata, ndipo ameneyo ndiye ankakumbidwa mosavuta kuyambira kale. Wotsalayo amatsekeredwa m'timabowo tosaoneka ndi maso. Kwa zaka zambiri obowola zitsime ankadutsa mu shale, kuona kagasi kakutumphuka m'matope obowolera, n'kupitirira ulendo wawo.

Chitsime choyamba cha gasi wogulitsa ku America chinali cha mu shale momwemo. M'zaka za m'ma 1820, William Hart anaona thovu likubwadamuka mumtsinje wa Canadaway ku Fredonia, m'chigawo cha New York. Anakumba dzenje la mamita asanu ndi atatu, ndipo gasi wake anayatsa nyale za nyumba zingapo za m'tauniyo. Kunali kochepa, koma kunasonyeza kuti pomwe shale wang'ambika yekha, gasi amayenda.

Nanga kumung'amba dala? Mu 1865 msilikali wina wopuma, Edward Roberts, analembetsa luso lake lotsitsira chitini cha wonga m'chitsime cha mafuta n'kuchiphulitsa madzi ali pamwamba pake. Posakhalitsa wonga unalowedwa m'malo ndi nitroglycerin, mankhwala ophulika ngakhale ngolo ikangogunda mwala panjira, ndipo amuna ambiri a ntchitoyi ku Pennsylvania anafa imfa yosasiya mtembo woika m'manda. Mu 1947 kampani ya Stanolind inayesa njira yofatsa ku Hugoton, m'chigawo cha Kansas: inapopera pansi malita pafupifupi 3,800 a petulo wokhuthala pamodzi ndi mchenga, kuti mphamvu ya kupopako ing'ambe mwala, mchengawo utsalire m'ming'alu kuti isatsekeke. Chitsimecho sichinasinthe kwenikweni, koma nzeru yake inali yolondola. Pa 17 Malichi 1949 kampani ya Halliburton inachita ntchito yoyamba yolipidwa ya mtunduwu ku Oklahoma ndi ku Texas, ndipo njira imene lero imatchedwa fracking inafalikira m'zitsime zambirimbiri za miyala yamchenga. Shale wakuya anakhalabe osagonja.

Amene anam'gonjetsa anali mwana wa munthu woweta mbuzi. George Mitchell anabadwa mu 1919 ku Galveston, ku Texas. Bambo ake anachokera ku Greece osadziwa kulemba, ndipo ankadyetsa banja ndi kashopu kochapa zovala ndi kupukuta nsapato. George anaphunzira uinjiniya wa mafuta ku Texas A&M, ndipo pofika m'ma 1950 kampani yake inkakumba gasi ku Wise County, kumpoto kwa mzinda wa Fort Worth, n'kumagulitsa ku kampani ya mapaipi opita ku Chicago. Mgwirizano umenewo ndiwo unali msana wa bizinesi yake. Kumapeto kwa m'ma 1970 zitsime zija zinayamba kuphwa. Pansi pake, pa kuya kwa makilomita awiri ndi kupitirira, panali thanthwe lakuda lotchedwa Barnett, la zaka zoposa 300 miliyoni.

Mu 1981, ali ndi zaka 62, Mitchell analamula kuti ayese Barnett pachitsime chotchedwa C.W. Slay No. 1. Gasi anatuluka, koma wosabweza ndalama. Anayesa thovu, anayesa mankhwala okhuthala ngati phala okhoza kunyamula mchenga wambiri, ndipo chitsime chilichonse chinkadya ndalama zochuluka n'kubweza zochepa. Akuluakulu a kampani yake ena ankadandaula poyera kuti mkuluyo akumwaza chuma. Iye anakakamira kwa zaka 17.

Nkhani ya Mitchell imakambidwa kawirikawiri ngati ya munthu mmodzi wolimba mtima, ndipo kulimba mtimako kunalipodi, koma sanali yekha. Kuyambira mu 1976 boma la America linkalipira kafukufuku wa Eastern Gas Shales Project, wofufuza miyala ya shale ya kum'mawa kwa dzikolo. Lamulo la msonkho la 1980 linapereka mpumulo kwa okumba gasi wa m'miyala yovuta. Asayansi a ku Sandia National Laboratories anathandiza kukonza zida zomvetsera timikokomo ta mwala ukamang'ambika, kuti mainjiniya adziwe komwe ming'alu yalowera. Bungwe la Gas Research Institute linathandiza Mitchell kubowola chitsime chake choyamba chopita cham'mbali mu Barnett mu 1991. Ndalama za anthu wamba zinayala maziko a ntchitoyi, ndipo n'chifukwa chake anthu wamba ali ndi ufulu wonse wofunsa mmene ikuyendera.

Yankho linadzera m'kusowa kwa ndalama. Injiniya wachinyamata, Nick Steinsberger, anauzidwa kuti achepetse mtengo wong'ambira zitsime. Anamva kuti kampani ya Union Pacific Resources, kum'mawa kwa Texas, ikugwiritsa ntchito madzi pafupifupi okhaokha, othiramo mchenga pang'ono ndi timankhwala toterereretsa. Anzake ambiri anati sizingatheke, poti shale ndi dongo ndipo dongo likamwa madzi limafufuma n'kutseka njira. Koma Barnett ndi mwala wouma, wosweka msanga. Mankhwala okhuthala aja ankang'amba mng'alu umodzi waukulu n'kuumata okha. Madzi opyapyala, opopedwa mothamanga, ankalowa m'timing'alu tachilengedwe n'kutitsegula mbali zonse. Mu Juni 1998 chitsime chotchedwa S.H. Griffin chinang'ambidwa mwa njira imeneyi, ndipo m'masiku 90 oyamba chinatulutsa gasi woposa chitsime china chilichonse chimene kampaniyo inabowolapo mu Barnett.

Mu 2002 Devon Energy inagula kampani ya Mitchell pa madola pafupifupi 3.5 biliyoni, n'kuphatikiza madzi a Steinsberger ndi luso la Devon lobowola cham'mbali. Umu ndimo zitsime za shale zimapangidwira mpaka lero. Chobowolera chimatsika chowongoka, n'kukhota pang'onopang'ono mpaka chitagona m'kati mwa thanthwe, kenako n'kuyenda kilomita imodzi, makilomita awiri kapena atatu osatulukamo. Amalowetsa paipi yachitsulo, kuiboola timabowo ndi tizophulika, n'kung'amba mwala chigawo ndi chigawo kuyambira kumapeto. Chitsime chimodzi chimamwa madzi oposa malita 10 miliyoni, ndipo zambiri zimamwa kuposa apo.

Zitatero kunali kulimbirana. Ku America mwini malo angathe kukhalanso mwini wa chuma cha pansi pake, choncho nthumwi za makampani zinkagogoda khomo ndi khomo ndi mapepala a lendi. Nsanja zobowolera zinaima pakati pa nyumba za Fort Worth, pafupi ndi masukulu ndi matchalitchi, mpaka pabwalo la ndege la Dallas-Fort Worth. Mu 2004 Range Resources inayesa njira ya ku Barnett pa thanthwe la Marcellus ku Pennsylvania, ndipo inatheka. Gasi wa shale, amene mu 2000 sankafika magawo awiri pa 100 a gasi wa America, lero ndi woposa magawo 70. Mtengo unatsika kuchoka pa madola 13 pa muyeso wa pamsika mu 2008 kufika pansi pa madola awiri mu 2012. Doko la Sabine Pass ku Louisiana, lomwe linamangidwa kuti lizilandira gasi wochokera kunja, linatumiza sitima yake yoyamba kunja mu 2016. Malasha, omwe ankapanga theka la magetsi a dzikolo mu 2005, anatsika kufika pansi pa magawo 20 pa 100.

Malamulo oteteza madzi ndi mpweya sanathamange liwiro limenelo. Mu 2005, ntchito ikuyamba kumene kukula, nyumba ya malamulo inachotsa fracking pa ndime za lamulo loteteza madzi akumwa zokhudza kupopera zinthu pansi, kupatula pamene agwiritsa ntchito dizilo. Otsutsa anaipatsa ndimeyo dzina la Halliburton, poti wachiwiri kwa pulezidenti pa nthawiyo, Dick Cheney, anali atatsogolerapo kampaniyo. Udindo waukulu unatsala m'manja mwa maboma a zigawo, ena a iwo opanda oyendera zitsime okwanira.

Makampani ankanena kuti mng'alu wa pa kuya kwa makilomita awiri sungakwere mpaka kufika pa madzi akumwa, ndipo pa miyala yakuya ngati Barnett ndi Marcellus ankanena zoona nthawi zambiri. Koma ngozi siinali pansi penipenipo. Inali pa dzenje lenilenilo, lomwe limadutsa m'madzi akumwa potsika. Aliyense amene anaonapo mjigo ukubowoledwa amadziwa kuti paipi ndi simenti ya pakamwa pake ndizo zimaletsa madzi akuda kulowa. Chitsime cha gasi n'chimodzimodzi, kungoti chimafuna mapaipi achitsulo angapo, ina m'kati mwa inzake, iliyonse yomatidwa ndi simenti kuzungulira. Simentiyo ikasiya mpata, gasi amakwera kunja kwa paipi n'kulowa m'zitsime za anthu. Vutoli si lachilendo. Mu 1996 khoti la ku Wise County linalamula kampani ya Mitchell yomwe kulipira eni malo madola 204 miliyoni pa dandaulo lakuti zitsime zake zakale zinaipitsa madzi awo, ngakhale khoti la apilo linadzathetsa chigamulocho.

Madzi obwerera kumtunda ndi mutu wina. Amatuluka amchere kuposa a m'nyanja yaikulu, nthawi zina ali ndi radium. Ku Pennsylvania ena ankawapititsa ku malo oyeretsera zonyansa za m'matauni, osamangidwira ntchito imeneyo, mpaka boma la chigawocho linawauza kuti asiye mu 2011. Kuyambira apo makampani ambiri kumeneko amawagwiritsanso ntchito pa chitsime chotsatira. Ku Texas ndi ku Oklahoma amawapopera m'zitsime zakuya zotayiramo, ndipo nthaka inayankha. Zivomezi zazing'ono zinayamba pafupi ndi bwalo la ndege la Dallas-Fort Worth mu 2008. Oklahoma, yomwe inkamva chivomezi cha mphamvu ya 3 kamodzi kapena kawiri pachaka, inamva pafupifupi 900 mu 2015, makamaka chifukwa cha madzi amchere a m'zitsime za mafuta. Cha ku Pawnee, mu Seputembala 2016, chinafika 5.8. Boma litalamula kuti achepetse madzi opopedwa pansi, zivomezi zinachepa, umboni woti lamulo likanatha kubwera makoma asanang'aluke.

Zotetezera zina zinabwera mwa apo ndi apo. Wyoming inayamba mu 2010 kulamula makampani kuulula mankhwala omwe amathira m'madzi, ndipo kaundula wa mankhwalawo, FracFocus, anatsegulidwa mu 2011. Mu 2012 bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA linalamula kuti gasi wotuluka m'masiku oyamba a chitsime azigwidwa m'malo mongomuulutsa, ndipo Colorado inakhala chigawo choyamba kuika malamulo osaka ndi kutseka methane wothawa mu 2014. Mpweya umenewu, womwe ndi gawo lalikulu la gasiyo, pa zaka 20, umatenthetsa dziko kuwirikiza ka 80 kuposa carbon dioxide, choncho ukamathawa umadya phindu la kusiya malasha. Mitchell mwiniwake, ali ndi zaka 93, analemba m'nyuzipepala ya Washington Post pamodzi ndi Michael Bloomberg kupempha malamulo okhwima pa kamangidwe ka zitsime, madzi ndi mpweya. Anamwalira mu 2013. Ena sanafune kudikira malamulo: France inaletsa fracking mu 2011, New York inalengeza chiletso mu 2014, ndipo ku Karoo, ku South Africa, alimi ndi omenyera chilengedwe analimbana ndi mapulani a kampani ya Shell kuyambira 2011 poopa za madzi a dera louma kale. Anthu a ku Denton, pamwamba pa Barnett penipeni, anavota mu 2014 kuletsa fracking m'tauni yawo, koma nyumba ya malamulo ya Texas inalanda matauni mphamvu imeneyo chaka chotsatira.

Mudzi wa Dimock, kumpoto chakum'mawa kwa Pennsylvania, ndiwo unasenza katundu wolemera wa kuchedwa konseku. Pa 1 Januwale 2009 chitsime cha madzi cha pakhomo pa mayi wina chinaphulika chifukwa cha methane. Oyendera a boma anapeza kuti zitsime za gasi za kampani ya Cabot Oil & Gas zinali ndi zolakwika ndipo gasi analowa m'madzi a mabanja angapo. Mu 2010 analetsa kampaniyo kubowola pa malo a masikweya kilomita 23. Kampaniyo inakana mlandu kwa zaka zambiri, mabanja akumwa madzi obwera pa malole ndi a m'mabotolo, anansi akudana chifukwa ena ankalandira ndalama za gasi pamene ena sankatha kusamba madzi a pakhomo pawo. Mu Novembala 2022 Coterra, yomwe inalowa m'malo mwa Cabot, sinatsutse mlandu kukhoti ndipo inavomera kulipira madola oposa 16 miliyoni omangira mapaipi a madzi abwino. Pa nthawi yomweyo boma la Pennsylvania linailola kuti iyambirenso kubowola cham'mbali pansi pa Dimock, mapaipi a madziwo asanayalidwe.