Nkhope ya Soho Eckstein: Makala ndi Zipsera za Mbiri

M'chaka cha 1989, William Kentridge, mmisiri wa zojambula amene adabadwira ku Johannesburg mu 1955, adajambula ndi makala munthu wongopeka dzina lake Soho Eckstein, mwini migodi ndi malo. Soho ndi wojintcha, wa masaya olendewera, wovala suti ya mizeremizere, ndudu yaikulu ili kudzanja. Woona sasowa womuuza kuti ameneyu ndi munthu wadyera, wosadziwa kukhuta.

Komatu khalidwe la Soho silili m'mizere yooneka bwino yokha ayi. Kentridge amajambula papepala, nkutola chithunzi ndi kamera, kenaka nkufufuta pang'ono ndi kujambulanso pomwepo, kufikira zithunzizo zitasanduka filimu. Makala safufutika kotheratu. Amasiya zipsera zotuwa. Motero nkhope iliyonse imasenza mthunzi wa nkhope zimene zidaitsogolera, ndipo kulemera kwa mtima kumene woona amamva kumachokera m'zipserazo.

Mu filimu ya Mine ya mu 1991, Soho ali pakama akukanikiza chosefera khofi, ndipo chosefera chija chikuboola nthaka nkutsikira mumgodi, kudutsa m'makomboni momwe mitu ya anthu yandandalikidwa pogona pawo ngati katundu. Mituyo ilibe maina. Mmalawi sangaione mopepuka, pakuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 amuna oposa 100,000 a ku Malawi ankagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, ambiri kudzera ku Wenela, kufikira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974 idachititsa boma la Dr Banda kuimitsa kulemba anthuko.

Mu 1996, chaka chimene bungwe la Truth and Reconciliation Commission lidayamba kumva maumboni, Soho adaonekanso mu History of the Main Complaint ali chikomokere m'chipatala. M'maloto akuyendetsa galimoto, ndipo pa kalilole woonera kumbuyo pakuoneka maso okha, pamene munthu akumenyedwa pamsewu. Kodi m'masomo muli kulapa kapena mantha chabe? Makala sayankha. Soho atatsitsimuka akubwerera pa desiki yake, matelefoni ali pomwe adali. Chimene chatsala pankhope pake ndi utoto wotuwa wa zonse zimene zidafufutidwa, umene pepala lidakana kuutaya.