Tourbillon: kamakina kozungulira ka m'mawotchi odula

Tourbillon ndi kamakina kamene kamaikidwa m'mawotchi ena oyendera sipuling'i, osati batire, kuti asamathamange kapena kutsalira chifukwa cha mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi. Dzinali ndi la Chifalansa ndipo limatanthauza kamvuluvulu. Anakatulukira ndi Abraham-Louis Breguet, mmisiri wa mawotchi wobadwira ku Neuchâtel m'dziko la Switzerland amene ankagwira ntchito ku Paris. Boma la France linamupatsa chiphaso cha umwini wa lusoli pa 26 June 1801.

M'wotchi ya sipuling'i, nthawi imawerengedwa ndi kagudumu kamene kamatembenukira uku ndi uku, kobwezedwa ndi kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi. M'mawotchi ambiri a masiku ano kamagunda ka 21,600 kapena 28,800 pa ola. Mbali imodzi ya kagudumuka ikalemerako ngakhale pang'ono, wotchi yoimikidwa chilili imathamanga kapena kutsalira, malinga ndi mbali imene yaloza pansi. M'masiku a Breguet mawotchi ankakhala chilili m'thumba la chovala tsiku lonse, choncho cholakwikacho chinkangounjikana.

Breguet sanathetse mphamvu yokokayo, pakuti palibe angatero. Iye anaika kagudumu, kasipuling'i ndi tizigawo totulutsa mphamvu pang'onopang'ono m'kakhola kachitsulo kamene kamazungulira, kawirikawiri kamodzi pa mphindi. Zimene wotchi yathamanga kakhola kali mbali ina, imazibweza kakafika mbali inayo.

Kwa wokonza pulani ya kamakinaka, vuto lalikulu ndi kulemera. Kakhola sikazungulira mosalekeza monga momwe maso amaonera: kamaima ndi kunyamukanso nthawi iliyonse kagudumu kakagunda, kangapo pa sekondi. Mphamvu yonse yokanyamutsira imachokera ku sipuling'i yaikulu yomwe imayendetsanso mivi. Kakalemera, kagudumu kamalandira mphamvu yochepa ndipo wotchi imasokonekera kuposa ikanakhala yopanda tourbillon. N'chifukwa chake kakhola konse, ndi tizigawo take makumi angapo, nthawi zambiri sikafika galamu imodzi. Kayeneranso kulemera mofanana mbali zonse, apo ayi kamabweretsa matenda omwewo amene kanabwera kudzachiza. Pansi pake pamakhala gudumu la mano losasuntha, ndipo kagiya kakang'ono kokwera pakakhola kamayenda molizungulira. Mano akapanda kulumana bwino, zonse zimaima.

Amisiri a pambuyo pake anawonjezera zawo. Mu 1920 Alfred Helwig wa ku Glashütte, Germany, anapanga kakhola kogwiridwa pansi pokha, kopanda mtanda pamwamba, kotero kamaoneka ngati kali m'malere. Kampani ya Omega inapanga ma tourbillon a mawotchi a pamkono mu 1947, opita nawo ku mipikisano yoyesa kulondola kwa nthawi. Mu 1986 Audemars Piguet inatulutsa wotchi ya pamkono yodzitcha yokha mwini akamayenda, yokhala ndi kakhola ka titanium, chitsulo chopepuka kwambiri.

Komatu pamkono phindu la tourbillon ndi lokayikitsa. Dzanja limatembenuka tsiku lonse, motero limachita kale ntchito ina ya kakhola. Usiku wotchi ikagonekedwa chagada patebulo, kuzungulirako sikuthandiza kanthu. Pofuna kuthana ndi zimenezi, Jaeger-LeCoultre inatulutsa Gyrotourbillon mu 2004, yokhala ndi tikhola tiwiri, kena m'kati mwa kanzake, tozungulira mbali zosiyana. Ngakhale zili choncho, wotchi wamba ya batire imalondolabe nthawi kuposa onsewa.

Wogula tourbillon amalipira luso la manja, ndipo opanga ambiri amaboola nkhope ya wotchi kuti kakhola kazioneka. Mawotchi otere ochokera ku Switzerland amagulidwa madola masauzande ambirimbiri, pamene makampani a ku China, monga Seagull ya ku Tianjin, amagulitsa awo pamtengo wotsika kwambiri.