Mbala, Mpulungu ndi Mathithi a Kalambo

Kumpoto kweni-kweni kwa dziko la Zambia, pafupi ndi malire a Tanzania, kuli mudzi wa Mbala, umene unali kuchedwa Abercorn kufikira caka ca 1968. Mudziwu uli pamwamba pa citunda, mamita ngati 1,670 kucokera pa nyanja yamcere, kotero kuti m'miyezi ya June ndi July mlendo sagona wopanda bulangeti. Pambali pace pali kanyanja kakang'ono kochedwa Chila. Munthu akatsika ndi mseu wa kumadzulo, m'ola limodzi lokha acoka m'cisanu nalowa m'thukuta, pakuti watsika mamita pafupi-fupi 900. Ndipo pokhota phiri lomariza aona madzi obiriwira a nyanja ya Tanganyika atagona pakati pa mapiri, ndi doko la Mpulungu m'munsi mwace.

Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 650, ndipo pakuya ipambanidwa ndi nyanja imodzi yokha pa dziko lonse, ya Baikal ku Russia. Pena kuya kwace kufika mamita 1,470. Nsomba zikhala m'madzi apamwamba okha, cifukwa pansi peni-peni mulibe mpweya. Alendo amadza kuno kudzapuma: ena aweza nkupi ndi nsomba zina zazikulu ndi mbedza, ena asambira pa magombe a mcenga kumene eni dziko anena kuti ng'ona sizifikako, ena akwera bwato kunka ku Ndole, ku Nkamba ndi ku Kasaba kukaona njobvu ndi mvuu za m'nkhalango ya Nsumbu. Usiku nyanja imadzala ndi nyali za asodzi a kapenta, ngati mudzi woyandama. Anthu a ku Chipata ndi ku Katete amene amadyera nsima kapenta wa ku Kariba ayenera kudziwa kuti makolo a kansombako anacokera kuno, pakuti anakathiridwa m'nyanja ya Kariba mu 1967 ndi 1968.

Komatu dziko lopumulirali silinali la mpumulo kale. Linali njira, ndipo pafupi-fupi cinthu ciri conse colemera cimene mlendo aonetsedwa lero cinafika kuno pa mitu ya anthu.

Eni dziko ndiwo Alungu, a m'mbali mwa nyanja, ndi Amambwe, a pamwamba pa citunda, anthu odziwa kusula citsulo, kuweta ng'ombe ndi kulima mawere. Pamene David Livingstone anafika kunsonga ya kumwera ya nyanjayi mu April 1867, wodwala, bokosi lace la mankhwala litabedwa miyezi itatu yapitayo, anamva anthu alikuicha Liemba, ndipo poyamba sanatsimikize kuti ndiyo Tanganyika yomwe Burton ndi Speke anaiona ku Ujiji mu 1858. Caka comweco Tippu Tip anathira nkhondo mfumu Nsama ya Atabwa, kumadzulo kwa Mpulungu. Kuyambira masiku amenewo Aluya ndi Aswahili anali kudutsa ndi minyanga ndi akapolo kunka ku gombe la kum'mawa, ndipo Abemba anali kufunkha midzi kucokera kumwera. Alungu ndi Amambwe anapanikizidwa pakati, nakhala m'malinga.

Amishoni a London Missionary Society anafika ku Ujiji mu 1878, ndipo posacedwa anaona kuti nyanja yotere siyendeka bwino popanda sitima. Tsono sitima yaing'ono yacitsulo, yochedwa Good News, inapangidwa ku Britain zidutswa-zidutswa, nitumizidwa pa Zambezi, pa Shire ndi pa nyanja ya Nyasa kufikira ku Karonga. Kucokera pamenepo panalibenso madzi oyendapo. James Stevenson, mwini cuma wa ku Glasgow, anali atapereka £4,000 kuti alambule mseu wolumikiza nyanja ziwirizo, ndipo mseuwo uli ndi dzina lace kufikira lero; koma injiniya wace, James Stewart, anamwalira mu 1883 nchito isanapite patali, ndipo mbali yaikulu ya "mseu wa Stevenson" inakhalabe kanjira ka mapazi. M'kanjira kameneko, mtunda woposa makilomita 300, amtengatenga anasenza mapale acitsulo, misomali ndi zipangizo zonse, motsogozedwa ndi Fred Moir wa kampani ya Mandala. Pa mtsinje wa Lufubu, umene mabuku akale aucha Lofu, Edward Hore ndi James Roxburgh analumikiza zidutswazo pamodzi ndi anchito ao, ndipo sitimayo inalowa m'madzi mu March 1885. Roxburgh sanaione iri kuyenda ndi moto wace, pakuti anamwalira caka comweco. Maina a Azungu awa alembedwa m'mabuku. A osenzawo sanawerengedwe kukhala kanthu kolemba.

Kanjira kaja kanabala cinthu cina cimene Stevenson sanaciganizire. Pamene Angelezi ndi Ajeremani anagawana dziko mu 1890, anatsata dera lomwelo poika malire ao, nadula Amambwe ndi Alungu pawiri. Ncifukwa cace mitundu iwiriyi ipezeka ku Zambia ndi ku Tanzania komwe.

Makilomita awiri kum'mawa kwa Mpulungu kuli Niamkolo, ndipo mlendo amene ali ndi tsiku limodzi lokha acite bwino kuyambira kumeneko. Pamenepo paima zipupa za chalichi lamiyala limene Adam Purves anamanga ndi Alungu mu 1895 ndi 1896, ndilo lakale koposa machalichi onse amiyala otsala m'Zambia. Mamangidwe ace ngoyenera kuwapenyetsetsa: cipupa ciri conse ciri ndi mizere iwiri ya miyala, ndipo pakati pace anathirapo dothi ndi timiyala. Nsanja yace, yotalika mamita ngati 15, inali cizindikiro ca oyenda pa nyanja. Anthu ambiri amene anasonkhana pa mishoni masiku amenewo anadzera linga lace poyamba, pothawa nkhondo, ndipo sukulu ndi mapemphero anazipeza pambuyo. Ici sicicepsa nchito ya amishoni, koma cifotokoza cifukwa cace midzi ya mishoni inakula msanga. Chalichilo linatumikira zaka khumi ndi ziwiri zokha. Matenda a kaodzera, ofalitsidwa ndi kashembe wa m'mbali mwa madzi, anabuka kotero kuti mu 1908 anthu anasamutsidwa kucoka ku gombe, ndipo nchito ya mishoni inatsalira ku mapiri, ku Kawimbe ndi ku Kambole. Denga linatha, koma zipupa ndi nsanja ziripobe.

Boma la Abercorn linakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1890, nilichedwa dzina la mkulu wa British South Africa Company, munthu wa ku Britain. Pokhala pa malire a dziko la Ajeremani, linaona nkhondo ya 1914 isanathe miyezi iwiri: mu September caka cimeneco Ajeremani analizinga, koma analephera kulilanda. Pa nyanja napo panali nkhondo. Sitima yaikulu ya Ajeremani, Graf von Goetzen, inapangidwa ku Papenburg mu 1913, nifika ku Kigoma m'mabokosi. Eni ace anaimiza dala mu July 1916 kuti adani angaitenge, koma Angelezi anaibvuula mu 1924, ndipo mu 1927 inayambanso nchito ndi dzina lija Livingstone analimva, Liemba. Kwa zaka makumi ambiri inanyamula anthu, nsomba zouma ndi simenti pakati pa Kigoma ndi Mpulungu.

Koma mtolo weni-weni wa nkhondoyo unali wa pamtunda, ndipo uli ndi masamu amene mwana wa sukulu angathe kuwawerengera pa sileti. Njanji inali kutali ndi Abercorn mailosi ngati 600. Mtengatenga anali kusenza mapaundi 60, nayenda mailosi 15 pa tsiku, nadya mapaundi awiri ndi theka a ufa. Ulendo wonse unali wa masiku 40, koma iye akadadya za pamutu pace zikadatha pa tsiku la 24. Cotero kuti thumba limodzi lifike kwa asilikari panafunika anthu ena ambiri osenzera cakudya osenzawo, ndi enanso osenzera iwowo. Boma linayesa magalimoto, linayesanso mabwato odzera m'madambo a Bangweulu, koma mitu ya anthu sinaleke kufunika. Amuna zikwi-zikwi anatengedwa m'midzi ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ambiri mokakamizidwa, ndipo a dera la Fort Jameson, ndilo Chipata lero, anali pakati pao. Minda inagonera, njala inalowa m'midzi, kamwazi ndi cibayo zinapha anthu m'njira.

Nkhondo inatha ku Ulaya pa 11 November 1918, koma kuno mbiri inacedwa. General Paul von Lettow-Vorbeck, amene anazemba adani ace zaka zinai, anali atalowa m'Northern Rhodesia nalanda Kasama, ndipo anamva za mtendere pa 14 November ali pa mtsinje wa Chambeshi. Anauzidwa kuti ayende ndi gulu lace kunka ku Abercorn, ndipo kumeneko, pa 25 November 1918, anatula zida pamaso pa General Edwards. Anali ndi Azungu 155 ndi asilikari akuda oposa 1,100, pamodzi ndi amtengatenga, akazi ndi ana. Anthu a ku Mbala amanena kuti mfuti zambiri zinaponyedwa m'nyanja ya Chila. M'mudzimo muli cipilala cokumbukira amtengatenga 1,467 a Northern Rhodesia amene anafa pa nkhondoyo. Ciwerengero cilipo, koma palibe dzina ngakhale limodzi. Ndipo mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linabvomera poyera kuti akufa a mu Africa sanakumbukiridwe molingana ndi anzao a ku Ulaya.

Nkhondo itapita, Abercorn unasanduka mudzi wa phee. Pa Chila, pamwamba pa mfuti zija, Azungu a boma anali kupikisana ndi mabwato a matanga, ndipo pafupi pace anali kusewera gofu. Makalabu a masiku amenewo sanali olowamo munthu wakuda, koma wonyamula zikwama ndi woperekera tiyi. Mudziwu unachukanso ndi dzombe. Mliri wa dzombe lofiira umene unasakaza minda ya maiko ambiri kuyambira 1930 kufikira 1944 unapezeka kuti unabadwira m'madambo a Rukwa ndi Mweru wa Ntipa, ndipo popeza Abercorn ali pakati pa madambo awiriwo, likulu la International Red Locust Control Service linaikidwa pomwepo mu 1949. Zotsala za nthawi zonsezi, pamodzi ndi ng'oma, mibvukuto, makasu ndi zipangizo za cinamwali, zasungidwa m'nyumba ya zinthu zakale ya Moto Moto, yotsegulidwa mu 1974. Anazisonkhanitsa Bambo Jean-Jacques Corbeil wa White Fathers, naicha nyumbayo dzina limene Abemba anapatsa Bishopu Joseph Dupont.

Ulendo wopambana onse ndiwo wa ku Kalambo, kumpoto kwa Mbala, kumene mtsinje umene uli malire a Zambia ndi Tanzania ugwa kamodzi kokha, osagunda mwala, mamita oposa 220, nuyenda m'phompho lakuya kukathira m'nyanja. Madzi acuruka mvula itangotha, m'miyezi ya March ndi April. M'cirimwe acepa, koma ndiyo nyengo imene mbalame zazikulu za mutu wadazi, zimene Angelezi azicha marabou, zimamanga zisa m'matanthwe. Amphamvu amakwera ndi mapazi kucokera ku gombe la nyanja, ulendo wa maola angapo wofuna madzi akumwa ndi wotsogolera wodziwa njira. Woyenda ndi ana a sukulu awaletse kusendera kumphepete, pakuti mwala wonyowa uterera.

Ambiri amapenya mathithi okhawo nabwerera, osadziwa kuti cuma cacikulu ciri kumbuyo kwao, m'kacigwa kamene mtsinje uyenda pang'ono-pang'ono usanagwe. Mu 1953 J. Desmond Clark, woyang'anira nyumba ya zinthu zakale ya ku Livingstone, anaona nkhwangwa zamiyala ziri kuonekera m'gombe logumuka. Anakumba kumeneko kangapo kuyambira 1956 kufikira 1966, napeza mibadwo ya anthu yosanjikizana ngati masamba a buku: pamwamba mapale a mbiya ndi zotsala za osula citsulo, pansi pace timipeni tamiyala, ndipo pansi peni-peni nkhwangwa zazikulu zamiyala, makala ndi mitengo. Mtengo subvunda ukakhala m'dothi lonyowa losalowa mpweya, ndipo dothi la Kalambo silinaume.

Mu 2019 gulu lotsogozedwa ndi Larry Barham wa ku University of Liverpool, pamodzi ndi akatswiri a m'Zambia, linakumbanso m'gombe lomwelo, ndipo zimene linapeza zinalengezedwa mu 2023. Panali mitengo iwiri yopingasana, wapamwamba utasemedwa kamphako kuti ukhale bwino pa unzace, monga acitira mmisiri poika mtanda pa nsanamira. Poyesa mcenga wozinga mitengoyo anapeza kuti yakhala pamenepo zaka zosacepera 476,000, ndiko kuti inasemedwa asanaoneke anthu a maonekedwe a masiku ano. Ndipo pamene inalengezedwa panalibe cina comangidwa ndi mitengo codziwika pa dziko lonse cakale kuposa ici. Akatswiriwo aganiza kuti cinali mbali ya thandala lokhalapo kapena loyendapo pa malo a cinyontho. M'kamphakomo zipsera za mwala wosemera zioneka bwino-bwino, ndipo zisonyeza mbali imene dzanja la wosemayo linali kulowera.