Mtima wapachala ndi msewu wa ku Zomba

Ndili mwana ku Tsangano, munthu akasokonekera mutu ankapita naye kwa sing'anga, zikakanika ankamumanga chingwe n'kumukweza galimoto yodzera ku Balaka ndi Liwonde mpaka ku Zomba. Ife ana tinkaopsezana nalo dzinalo. Wina akalongolola kwambiri tinkati, "Iwe, akutengera ku Zomba."

Mantha amenewo ali ndi mbiri yake. Atsamunda atatsegula malo osungirako odwala misala ku Zomba mu 1910, anawaika pansi pa ndende, ndipo oyang'anira anali asilikali a ndende omwewo. Ofikako kawirikawiri anali amene avutitsa boma kapena apalamula mlandu. Lamulo la chisamaliro cha odwala maganizo linabwera mu 1948, chipatala chenicheni n'kutsegulidwa mu 1953. Anthu anali atazolowera kale kuti ku Zomba amatsekerako munthu, ndipo kuno ku Ntcheu mbumba inkalolera kusunga wodwala wake kuseri kwa nyumba kusiyana n'kumupereka.

Achemwali anga sanali a kwa sing'anga, sanalinso a ku Zomba. Ankalima kachewere, n'kukagulitsa pa msika wa Lizulu osaphonya ngakhale tambala powerengera. Koma alamu akangochedwa kubwera madzulo, iwo anali atatsimikiza kale mumtima kuti awasiya. Ankalira mpaka mawu kutha, n'kutaya zovala za alamu pabwalo, kukacha akugwada kupepesa. Mnzawo amene dzulo anali ngati m'bale wa bere limodzi, lero ndi mfiti. Juzi sankavula ngakhale mu Okutobala, ndipo tsiku limene ndinaona zipsera za pamkono pawo tikuchapa kudambo, anangoti, "Usakanene kwa amayi."

Mudzi unali ndi mankhwala ake a anthu otere: kulangiza. Angoni a kwa Gomani, atakhazikika pakati pa eni nthaka, anatengera zambiri za mbumba ndi unkhoswe, ndipo nkhani ya mwana wamkazi inkagwera amalume ake. Ankhoswe anakhalira pamphasa nkhani ya achemwali kambirimbiri. Mawu anali omwewo: muli ndi mtima wapachala, banja ndi kupirira, mukutichititsa manyazi. Sindinyoza mwambowu, chifukwa unapulumutsa mabanja ambiri ndipo sunkasiya munthu yekha. Koma chilangizo chimauza munthu chochita, sichifunsa chimene chikumuwawa. Achemwali ankachoka pamphasapo atavomera zonse, usiku womwewo n'kukadzipweteka.

Agogo aakazi okha ndiwo ankachita mosiyana. Moto ukabuka sankafunsa kuti walakwa ndani. Ankatunga madzi a mumtsuko, ozizira monga amazizirira madzi a ku Tsangano, n'kunena kuti, "Tasamba kumaso, mwanawe." Kenako ankawakhazika pakhonde, lichero pamiyendo, kuti atong'ole chimanga. Chisononkho chachitatu chikamatha m'pamene ankalankhula: "Zakupweteka, ndaona. Tsono tipange bwanji?"

Dzina la vutoli ndinalimva ndili wamkulu, kwa mlangizi wa za maganizo amene tinapitako achemwali atagonekedwa m'chipatala. Madokotala amati borderline personality disorder. Mawu oti borderline anawagwiritsa ntchito Adolph Stern ku New York mu 1938, ponena za odwala amene ankaoneka ngati ali m'malire, osati amisala koma osatinso ankhawa wamba. Matendawa analowa m'buku la madokotala a maganizo a ku America mu 1980. Kwa zaka zambiri ngakhale kumeneko odwala ake ankatengedwa ngati anthu ovuta chabe. Amene anasintha zinthu ndi Marsha Linehan wa ku yunivesite ya Washington ku Seattle, yemwe mu 1993 anasindikiza njira yochizira yotchedwa DBT. Mu 2011 anaulula poyera kuti iye mwini anatsekeredwapo m'chipatala cha odwala maganizo ali ndi zaka 17, akudzivulaza.

Mlangizi uja anatifotokozera kuti mapiritsi paokha sathetsa vutoli. Munthu amabadwa ndi mtima womva msanga, ndiye akakulira pamalo pamene kulira kwake kumatchedwa chibwana, kapena pamene anachitiridwa nkhanza, amakula osadziwa kudzitonthoza. DBT imamuphunzitsa kuzindikira chimene akumva n'kuchitchula dzina, kudikira mkwiyo udutse osadzipweteka, ndi kupempha kapena kukana chinthu popanda kuswa ubale. Atafika pa njira zoziziritsira mtima mwachangu, anatchula kuviika nkhope m'madzi ozizira, kumene kumachepetsa kugunda kwa mtima. Ine ndi achemwali tinayang'anizana. Mlangiziyo anatinso wothandiza ayambe wavomereza kuti ululuwo ndi weniweni, kenako ndiye akambe zosintha. Ndinaona lichero lija m'maso mwanga.

Zinthu zasuntha, ngakhale mwakachetechete. A St John of God anayamba ntchito yawo ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990 ndipo amaphunzitsa alangizi. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino a matenda a maganizo. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006, kuphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo pa benchi ya pachipatala. Koma mayi wa ku Kasinje kapena ku Bilira amene akufuna kukumana ndi mlangizi sabata ndi sabata kwa miyezi yambiri, monga DBT imafunira, ndalama ya minibasi yokha imamugwetsa ulesi. Izi zimandiwawa, chifukwa ambiri odwala matendawa amapeza bwino zaka zikamapita ngati athandizidwa.

Banja la achemwali linatha, agogo anatisiya asanamve dzina lachingerezi lija. Achemwali akulimabe kachewere. Mwezi wathawu anandiimbira usiku mawu akunjenjemera, mwana wawo atawayankha mwano. Ndisanayankhe anati, "Dikira, ndikasambe kaye kumaso, ndikuimbiranso." Ndinakhala ndi foni m'manja mpaka inaliranso.